Mayina a pa Zitini za Penti

Lolemba, 7 Julayi

Chifunga mpaka masana. Ndabwerera ku ntchito, koyamba chiikireni mwana wathu Sungeni. Kupenta sitolo ya a Zefaniya ku Mayani. Manja amangogwira okha. Anthu kupepesa, ine kuvomera. Amake Sungeni kunyumba ali duu. Salira, sayankhula. Amadya akapatsidwa.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndatulutsa zitini za penti wotsala. Pa chivundikiro chilichonse pali zolemba za Sungeni. Ndikasakaniza mitundu, iye ankajambula ndi foni n'kufunsa pulogalamu yoyankha ngati munthu ija kuti itche dzina. Wachikasu, Mbatata Yamanyazi. Wotuwa, Bulu Wopita ku Tchalitchi. Wobiriwira uja, Kabichi Wothedwa Banja. Ankaseka mpaka kutsokomola. Nthawi imeneyo tinkati n'chifuwa wamba.

"Ababa, pentiyu ndiye mwana, sangakhale wopanda dzina," ankatero.

Ndawerenga onse. Sindinamve kanthu. Wotuwayo wauma gwa, koma ndamubwezera pamalo pake.

Loweruka, 19 Julayi

A Ignasio akalipentala abweretsa mtanda wa pamanda. Akuti ndipente ndekha, ndi ntchito yanga. Penti woyera anatha. Ndasakaniza zotsalira, watuluka mtundu wachilendo, pakati pa phulusa ndi duwa la mbatata. Ndapaka kawiri. Zilembo mawa.

Lamulungu, 20 Julayi

Ku Misa osapita. Zilembo osalemba. Kuzizira.

Lachiwiri, 29 Julayi

Dzina lake ndinalemba Lachisanu. Lakhota pang'ono.

Lero ndatchaja foni yake. Ndajambula mtandawo pafupi kwambiri, kuti uoneke mtundu wokha. Pulogalamu ija sinachedwe kuyankha: Njiwa Yophonya Minibasi. M'munsi mwake n'kufunsa, "Mukufuna mayina ena, Sungeni?"

Sindinaiuze.

Amake anali pakhonde, nyemba zosasankha pamiyendo. Ndawawerengera dzinalo, sindikudziwa chifukwa chake. Iwo n'kuyamba kuseka, mawu osasa ngati chitseko chadzimbiri. Kuseka mpaka lichero kugwa, nyemba mbwee pansi. Pamene kunasandukira kulira sindinazindikire. Mayi Falesi oyandikana nafe anathamangira kuno osavala nsapato.

Ine chiimire, foni m'manja. M'maso mouma.

Madzulo ano amake Sungeni ayankhula. Akuti mawa tikazike mtandawo, awirife basi. Ndati ndi wolemera, tibwereke njinga. Akana. Akuti asenza okha.