Ndinawapekera Apongozi Mathero a Buku

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu. Nkhani yangayi mwina muiseka, poti ngakhale mwamuna wanga nditamuuza anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Koma ine sikundiseketsa, ndipo pofika Loweruka likubwerali ndiyenera kukhala nditadziwa chochita.

Timakhala ndi apongozi anga, bambo ake a mwamuna wangayo. Anagwira ntchito ku positi mpaka kupuma, ndipo moyo wawo wonse akhala akuwerenga mabuku akale a ofufuza milandu, aja munthu amapezeka atafa m'chipinda chokiya pomwe aliyense m'nyumbamo ali ndi kake kobisa. Ali nawo makatoni atatu pansi pa bedi. Nditangokwatiwa ndinkaona ngati ndi misala, munthu wamkulu kuphwanya mutu ndi imfa za anthu oti sanakhaleko n'komwe. Tsiku lina anandipatsa limodzi n'kunena kuti, "Mayi, tangowerengani masamba makumi awiri okha, likakutopetsani mundibwezere." Aphungu, tsiku limenelo diresi la kasitomala linagona lopanda mpendero. Matendawa anandigwira nane, ndipo sindikufuna kuchira.

Apongoziwo ali ndi anzawo awiri odwala matenda omwewa. Pali a Chipewa, amene chikwatiwireni sindinaonepo pamutu pawo, ndi a Hedimasitala, amene anapuma kalekale koma amalozabe anthu ndi chala ngati ali m'kalasi. Atatuwa amauzana buku labwino likapezeka, amabwerekana, ndipo Loweruka lililonse masana amasonkhana pabalaza pathu kuonera mafilimu akale opanda mtundu aja, a azibambo ovala makhoti aataliatali. Ali ndi lamulo limodzi lomwe amalisunga kuposa malangizo a dokotala: palibe kusuzumira kumapeto kwa buku, palibenso kuulula mathero kwa mnzako. Wofufuza mlandu akangotsala pang'ono kutchula wolakwa, amaimitsa filimu, aliyense n'kunena amene akumuganizira. Wophonya amatsuka makapu. Kwa zaka zambiri apongozi anga sankadziwa kuti sopo amakhala pati.

Zaka zitatu zapitazo maso awo anayamba kuchita chifunga. Pano amangoona zithunzithunzi. Ndiye ikakwana 3 koloko ndimavundikira makina, n'kukhala nawo pakhonde kuwawerengera. Mafilimu ndimawafotokozera chapansipansi: uyo walowa, uyo wabisa kalata m'thumba. Sikuti ndi mabuku okha ayi. Mapepala a kuchipatala, zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, mauthenga a pafoni ochokera kwa alamu anga, zonse ndimawerenga ndine, chifukwa mwamuna wanga amachoka m'mamawa n'kubwera atatheratu. Amakonda kunena kuti, "Mayi, maso anga ndinu."

Vuto ndi lakuti kale powerenga okha ankabwerera m'mbuyo kukaona amene anatseka zenera, kapena nthawi yomwe wotchi inaima. Ndi makutu okha sizitheka. Anaphonya mabuku asanu otsatizana. Pa lachisanulo anati, "Maso anapita, nzeru nazo zayamba kulongedza." Mawu amenewa anandilasa mtima, ndipo madzulo ake chakudya anangochigwiragwira.

Mwezi wathawu a Chipewa anabwera ndi buku lomwe anagula kwa munthu woyala mabuku akale m'mphepete mwa msewu. Pomvera lamulo lija, sanalitsegule kumbuyo. Inenso sindinatero. Nkhani yake ndi ya mkulu wina wolemera yemwe anafa m'chipinda chake chowerengera, ndipo oganiziridwa anali mkazi wake, dokotala wake, dalaivala, ndi wosamalira maluwa. Tili pakati, apongozi anagunditsa ndodo pansi n'kunena kuti, "Ndi wamaluwayo. Munamuonapo kuti wamaluwa wovala nsapato zoyera m'nyengo ya mvula?" Ine mumtima ndinkaganizira dokotala, koma ndinangoti tiona.

Tsiku lomaliza linafika. Wofufuza uja anasonkhanitsa onse pabalaza, anatseka chitseko, anayamba kufotokoza. Nditatembenuza tsamba ndinangopeza chikuto. Masamba omaliza kunalibe, panangotsala timizere ta mapepala pomwe wina anang'amba. Nditadzutsa mutu ndinaona apongozi atasendera kutsogolo kwa mpando, manja onse pa ndodo, kukamwa kuli pululu ngati mwana wodikira sipuni. Aphungu, sindikudziwa chomwe chinandilowa. Ndinatsokomola, ndinamwa madzi, n'kupitiriza kuwerenga za m'mutu mwanga maso ali pa chikuto chopanda kanthu. Ndinapeka kwa mphindi ngati khumi ndi zisanu. Wamaluwa ndinamupatsa chifukwa, ndinamupatsa kiyi wachiwiri, ndinamusinthitsa nsapato, mpaka ndinamuliritsa povomera.

Mukanawaona! Anaimirira osagwira ndodo, akufuula kuti, "Ndinanena ine! Nsapato!" Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha zina, m'mawa mwake n'kuitanitsa wometa. Koma masana omwe aja, asanalowe m'nyumba, ananena chinthu chimodzi chomwe chimandibwererabe: "Kungoti wolembayu mutu womalizawu anaulemba mothamanga. Wofufuza wakeyo wayamba kuyankhula ngati munthu wina wa pakhomo pano." Anaseka, n'kulowa.

Apongozi anawauza anzawo onse awiri kuti mkango wadzuka. A Hedimasitala atapempha kubwereka bukulo ndinati lasowa, chonsecho ndinalibisa m'katoni ya zidutswa za nsalu. Limenelo ndi bodza lachiwiri. Tsopano a Chipewa amva kwa mnzawo wina kuti nkhani yomweyi ili ndi filimu, ndipo akuti ndi yabwino zedi. Aipeza, ndipo akubwera nayo Loweruka. Pakati pathu palibe amene waionera. A Chipewawo akuti akufuna aone ndi maso awo nsapato zomwe zinagwiritsa wamaluwa uja.

Mwamuna wanga akuti tingonena kuti TV yawonongeka, kapena ndiipeze filimuyo ndiyambe ndaionera ndekha, mwina wamaluwayo ndi wolakwadi ndipo nkhani ithera pomwepo. Akutinso zikavuta tidzangoti a mafilimu amasintha mathero. Koma ine mtima suli m'malo. Kusekedwa kwa apongozi pamaso pa anzawo kukundiopsa, inde, koma pali china choposa apo. Sabata yamawa tikukatenga zotsatira za kuchipatala, ndipo wowerenga ndine. Akadziwa kuti ndimatha kuwerenga zinthu zomwe papepala palibe, adzandikhulupiriranso? Munthuyu ndimamukonda ngati bambo anga ondibala, ndipo alibe maso ena. Ndithandizeni.

T. K., kuno ku tauni

*

Mayi T. K.,

Mwandiseketsa, kenako mwandichititsa kupukuta magalasi. Apongozi ambiri amangolandira moni wa pakhomo ndi mbale ya chakudya, koma anu ali ndi mpongozi wovundikira makina 3 koloko iliyonse. Chikondi chanu sindikuchikayika. Komabe tisazungulire: munanama, ndipo bodzalo labala kale mwana m'katoni ya nsalu. Mukatsatira nzeru za bambo a kunyumbawo, lidzabala adzukulu.

TV isiyeni, ilibe mlandu. Mukaiwononga Loweruka lino, linalo mudzawononga chiyani? A Chipewa ndi munthu woti atha kubwera atasenza yawo. Filimunso musaionere mobisa. Mukapeza kuti wolakwa ndi wamaluwa, mudzapuma n'kukhala chete, ndipo mudzakhala mwaphunzira kuti bodza limathandiza. Phunziro limenelo ndi loipa kwa munthu amene amawerengera mnzake mabotolo a mankhwala.

Auzeni Loweruka lisanafike, makamaka mawa lomwe, poti zengerezu adalinda kwawukwawu. Musachite kuitanitsa msonkhano wa banja. Nthawi yanu ya masiku onse ikakwana, pakhonde pomwepo, muli awiri, tulutsani bukulo muwaike m'manja. Atsegule okha kumbuyo, zala zawo zigwire pong'ambikapo. Munthu wosaona amakhulupirira zala zake, ndipo umboni umenewo sudzadutsa pakamwa panu. Mukatero nenani mwachidule kuti masamba kunalibe, munachita mantha kuwakhumudwitsa, munapeka, ndipo munalakwa. Mawu oti "ndinakumverani chisoni" musawatulutse ngakhale pang'ono. Bambo wonyada ngati amenewa bodza atha kulikhululuka msanga, koma kumveredwa chisoni kumawawa nthawi yaitali.

Ndiloleni nane ndifufuzeko pang'ono. Munthu amene wakhala zaka zitatu akudalira makutu anakhala nanu mphindi khumi ndi zisanu osamva tsamba likutembenuzidwa. Atatero n'kukuuzani kuti wofufuza wayamba kuyankhula ngati wa pakhomo pano. Mayi, ine ndikuganiza kuti mlandu wanu anaumaliza tsiku lomwelo, ndipo mwina akungodikira kuti wolakwa avomere yekha, monga amachitira m'mabuku awowo. Ngati ndi choncho, ndiye kuti nzeru zija sizinalongedze kanthu. Koma ndikhoza kuphonya, ndipo ndikaphonya ndidzatsuka makapu. Musapite kukapepesa mukuseka poganiza kuti akudziwa kale. Akakwiya, asiyeni akwiye. Akakhala chete tsiku limodzi kapena awiri, musawanyengerere ngati mwana. Ikakwana 3 koloko muzikhalabe pampando wanu ndi buku m'manja.

Za anzawo, asankhe okha. Ulemu ndi wawo, ndiye kaya awauza, kaya akhala chete, inu musawatsogolere. Koma muwakumbutse chinthu chimodzi chomwe mwachiiwala chifukwa cha mantha: mlanduwu sunagamulidwe. Palibe aliyense pakhomopo amene akudziwa wolakwa, ngakhale inu amene. Ganizo lawo la nsapato likadali chilili, ndipo Loweruka adzaliyesa mwachilungamo pamaso pa anzawo. Akapambana, chipambanocho chidzakhala chawochawo. Akaphonya, adzaphonya ngati katswiri, osati kupambana chifukwa wina wawagwirira dzanja. A Hedimasitala nawo muwapepese pa za buku losowa lija.

Chinawagwetsa mphwayi si ukalamba ayi, mwanena nokha kuti ndi kulephera kubwerera m'mbuyo. Ndiye bwezerani zimenezo. Pezani kakope kakang'ono, akamva chinthu chowakayikitsa azikuuzani mulembe pamodzi ndi nambala ya tsamba. Musanafike kumapeto muziwawerengera zonse zomwe mwalemba, ndipo akati tibwerere pa tsamba lakuti, bwererani osadandaula ngakhale kachitatu. Buku latsopano likabwera, mwamuna wanu, amene matendawa sanamugwire, aziyamba waona ngati masamba onse alimo. Lamulo lisungidwa, ndipo simudzagwiranso njakata.

Za kuchipatala musadikire kuti afunse okha. Auzeni kuti popita kukatenga zotsatira mudzalowa nawo, adokotala awafotokozere iwo eni pamaso, ndipo pepalalo mwana wawo aliwerengenso madzulo. Si kudzichotsera ulemu kumeneko. Ndi kuwasonyeza kuti mulibe chobisa, ndipo ndikukhulupirira kuti sipatenga nthawi asananene kuti wowerenga mmodzi akukwanira.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulisunge. Simunaname chifukwa ndinu wabodza. Munanama chifukwa simupirira kuona nkhope ya bamboyu ikugwa, ndipo mtima umenewo simuuchotsa mawa. Tsiku lina pepala la m'manja mwanu lidzanena zinthu zowawa kuposa za wamaluwa, iwo adzakhala atasendera kutsogolo kudikira, ndipo pakhosi panu padzafuna kuwakomeranso mtima. Tsiku limenelo lirani ngati mukufuna, agwireni dzanja, koma muwerenge zomwe zalembedwa, liwu ndi liwu, mpaka pomwe inki yathera.

Aphungu