Mkaka wa Atusaye

Lolemba, 9 Seputembala

Madontho asanu ndi awiri. Ndawawerenga ngati wamisala. Miyezi itatu ya mapiritsi, kupopa ndi kamakina maola atatu alionse mpaka nsonga za mawere kuchita zilonda, basi madontho asanu ndi awiri m'kabotolo.

Adokotala akuti sawa, zili bwino, n'chiyambi. Andiyezanso mtima, poti mankhwala oyitana mkakawa amatha kuusokoneza. Lero achepetsa mahomoni kuti thupi liziyesa ndabereka. Ndinaseka. Thupi limeneli ndinabadwa nalo lachimuna, ndalinyengerera zaka zisanu ndi chimodzi kuti livomereze kuti ndine mkazi, ndiye lero ndiliuze kuti ndine ntchembere?

Ndili ndi mantha. Isabel mng'ono wanga amuchita opaleshoni yotulutsa mwana Lachinayi, kenako ayamba mankhwala a khansa ya bere. Sangayamwitse. Anandipempha yekha: Lusayo, ukhale iweyo.

Lachinayi, 12 Seputembala

Wabadwa. Mtsikana, makilo 2.1. Atusaye.

Loweruka, 14 Seputembala

Amayi afika kuchokera ku Lilongwe. Pa eyapoti anayang'ana diresi langa, kenako pansi. Njira yonse mpaka kunyumba kwanga ku Donholm angodandaula za jamu ya pamsewu. Akunditchulabe achimwene ake a Isabel. Za mkaka sakudziwa kanthu.

Lolemba, 16 Seputembala

Isabel ndi mwana atuluka m'chipatala. Amayi asandutsa chipinda cha Isabel chikuta: mwamuna salowa mpaka mchombo ugwe. Ndinafika pakhomo ndi beseni la madzi, iwo n'kuti, "Siya pomwepo. Ukufuna mwana adwale?"

M'nyumba mwanga momwe! Ine wolongolola ku ofesi kuja, apa ndinangomvera. Ndinasiya beseni.

Lachitatu, 18 Seputembala

Mkaka wa m'chitini Atusaye akusanza. Tasintha mtundu ku kemisiti kogula mankhwala, chimodzimodzi. Wanga wafika theka la kapu patsiku. Ndimapopera m'bafa, mpopi uli wotsegula kuti makina asamveke, Isabel n'kulowetsa botolo m'chitenje ngati mbava. Umenewo sasanza. Koma ndi wochepa, ndipo adokotala akuti suchuluka mwana akapanda kuyamwa yekha.

Sikelo ya kukiliniki: 1.9. Nesi akuti akatsikanso amugoneka.

Ndiwauze amayi? Ndimawadziwa. Akhoza kuletsa ngakhale botolo lomwelo, ndipo Isabel alibe mphamvu zokangana. Ndiye mwana adye chiyani?

Lachisanu, 20 Seputembala

Isabel analawira kuchipatala kukayezedwa magazi. Cha m'ma 10 Atusaye anayamba kulira. Botolo linali litatha. Amayi anamuyesa wa m'chitini, ndinamva akubweza. Ine ndili chilili pakhonde la chipinda, kumvetsera mawu ake akusasa pang'onopang'ono.

Kenako m'chifuwa munachita ngati singano. Nditayang'ana, bulauzi yanyowa malo awiri. Ndisanathawe, chitseko chinatseguka. Anali amayi, amafuna madzi otentha.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Mkaka, amayi."

"Wa m'botolo uja?"

"Wanga. Adokotala ndi amene akundithandiza."

Ndinatseka maso, kudikira khofi. Mwana yekha ndiye ankamveka, kamawu ngati ka mwana wa mphaka.

"Mchombo sunagwe," anatero, osati kwa ine, ngati akuuza khoma.

Kenako anapatuka pakhomo.

"Wasamba m'manja?"

Ndinakhala pabedi. Ndinamulandira ngati dzira, n'kumugwira molakwika, iye n'kumafunafuna ndi kukamwa osapeza.

"Osati choncho, iwe. Mimba yake igunde yako. Kweza chigongono."

Anagwira bere langa ndi dzanja lawo lozizira n'kuliika m'kamwa mwake. Atusaye anakoka. Zinawawa mpaka misozi.

Amayi sanandiyang'ane kumaso. Koma dzanja sanachotse.