Theka Limene Ndinkawonjezera

Lolemba, 9 Junho

Tabwerera kwathu ku Chiwanga dzulo, kuchokera kuchipatala cha ku Nampula. Ulendo wachitatu wa kimiyo, mankhwala a khansa aja olowa m'mitsempha. Mkazi wanga Yuniya wagona tsiku lonse.

Namwino wa ku Nampula, a Celma, atipatsa pepala la mizere ndi kachida koyezera kutentha thupi. Tsiku lililonse ndizilemba: kutentha, kusanza kangati, zilonda m'kamwa, chakudya, mphamvu, ululu. Pa ululu pali tinkhope tisanu ndi kamodzi, koyamba kakumwetulira, komaliza kakulira. Mawu awo potsanzikana: "Asilikali a m'thupi mwawo achepa. Kutentha kukafika 38, musadikire. Chipatala cha pafupi, ndipo mundiimbire."

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikuchonga makope a ana. Lero ndikuchonga mkazi wanga.

Lachitatu, 11 Junho

37,1. Phala, masipuni anayi. Waloza kankhope kachiwiri, mano atalumana. "Aphunzitsi, musandilepheretse mayeso," anatero, n'kuseka pang'ono.

Wasanza katatu. Ndalemba kawiri. Kachitatu kanali malovu chabe.

Kusukulu ku Metangula, mwana akapeza 9,5 pa 20 ndinkalemba 10 kuti adutse. Makamaka aja a kumapiri, ofika mapazi atatuwa ndi fumbi. Anzanga ankati cholembera changa chofiira chilibe mano. Ndinkanyadira nazo.

Lachisanu, 13 Junho

Mphepo ya mwera. Mabwato onse pamtunda, mathandala a usipa opanda kanthu. Ndapita kugombe n'kubwerera kanayi, osadziwa chimene ndikufuna.

Pobwerera kachinayi ndamva makina osokera a Yuniya ndili panjira. Phokoso lomwe lija linandiimitsa pakhomo la amayi ake ndili mnyamata, ndikunamizira kuti malaya anga ang'ambika. Ndathamanga ngati mwana. Pa mphamvu ndalemba: bwino.

Wandikumbutsa: "Kuchipatala sindipitako tsiku lisanakwane. Fungo lija ndatopa nalo."

Loweruka, 14 Junho

Masana, 38,1. Ndayezanso. 38,1.

Anali atangomwa tiyi. Wafunda mabulangete awiri chifukwa cha mwera. Zifukwa zilipo, sizisowa.

Ndalemba 37,9. Amayang'ana dzanja langa.

Ndajambula pepala n'kutumiza pafoni. A Celma ayankha: "Mukugwira ntchito yabwino, Aphunzitsi." Ndakhala pakhonde, ndadzuka, ndasesa pabwalo posesa kale.

Lamulungu, 15 Junho

Kutchalitchi sitinapite. Ndimati ndichape zovala za Yuniya. Diresi labuluu lija, nditalitembenuza: mizere itatu ya ulusi watsopano m'mbali, uliwonse mkati mwa unzake. Bulauzi yoyera chimodzimodzi. Ndiye ntchito ya makina aja. Wakhala akuchepetsa zovala kuti ndisaone mmene watsikira.

Ndamuonetsa. Sanakane. "Inu mumachotsa papepala, ine ndimachotsa pansalu. Ayambe kuulula ndani?"

A Celma ali kutali. Sangamugwire pachipumi, sangamve mmene akupumira. Maso awo onse ndi pepala ili, ndipo ine ndawaphimba m'maso.

38,6. Akunjenjemera.

Ndafufuta 37,9 ndi chofiira, ndalemba zoona pamwamba pake. Za Lachitatu nazonso. Ndaimbira a Celma. Sanandikalipire, bola akanatero. Angofunsa kuti, "Muli panjira kale?"

A Hamoud, oyandikana nawo nyumba, akubwera ndi galimoto yawo ya nsomba. Yuniya akufuna labuluu lomwelo, ngakhale losachapa.

Lachinayi, 19 Junho, Lichinga

Ku Metangula anamuika diripu n'kutitumiza kuno tsiku lomwelo. Masiku atatu sindinagwire buku ili. Adokotala anafunsa kuti kutentha kunayamba liti. Ndinati Loweruka masana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulemba.

Lero 37,3, yeniyeni. Wamwa msuzi. Kimiyo yotsatira aisuntha mpaka magazi abwerere m'malo.

Kukuzizira kuno, nyanja sioneka. Ndimangozungulira pakhonde la odwala, kuwerenga mazenera.

M'mawa ndamuikira pepala pamiyendo. Chala chinapita pa kankhope kachiwiri, mwachizolowezi. Chinaima. Kenako chinasuntha, chinadutsa kachitatu, n'kukhala pa kachinayi, kaja kokwinya pakamwa.

"Lembani momwemo, Aphunzitsi. Osawonjezera theka."

Dzanja limafuna kachitatu. Ndalemba kachinayi, iye akuyang'ana.