Malini Sanali Mkazi

Hurlingham, Nairobi
14 Julaye 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse ku Zomba. Bondo lija likuti bwanji? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwazizira koopsa, moti chimfine chandisautsa sabata yathunthu. Ntchito ku Gigiri ikuyenda, koma maminibasi am'mawa, amene kuno amawatcha matatu, andikwana.

Amayi, khalani kaye pansi. Malini uja ndamupeza.

Mukukumbukira kuti pondiperekeza munandipatsira kalata imene agogo aamuna, bambo anu, analemba mu 1942 ali msilikali ku Keyala. Ankanena kuti akwera sitima ku Mombasa pamodzi ndi Malini, kuti Malini saopa madzi, ndiponso amawagawira fodya. Munati ndifufuze ngati mkaziyo anasiya ana kuno. Kalatayo yagona m'sutikesi zaka ziwiri, ine ndikuopa chimene ndikapeze. Ndiponso m'dziko la eni ungayambire pati kufunsa mkazi wa dzina limodzi?

Loweruka lapitali Dunstan, Mmalawi mnzanga wa kuntchito, ananditengera ku Ngong kwa apongozi ake, amene anapuma pa usilikali wa panyanja. Nditawamasulirira kalatayo, anandiuza kuti ndibwereze dzinalo. Kenako anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumadabwa kuti choseketsa n'chiyani pa nkhani yopasula banja.

Anandifotokozera kuti m'sitima za nkhondo za Angerezi munkakhala magulu awiri. Ena ankayendetsa sitimayo, ndiwo amalinyero timawamva kutchalitchi aja. Ena anali asilikali amfuti ongonyamulidwa, oti sitima ikafika pagombe ankatsika n'kukamenya nkhondo pamtunda. Amenewo Angerezi amawatchula kuti marini, ndipo lilime la agogo linangopinda n'kukhala Malini. Anati Afalansa nawonso anali ndi awo, omwe ankawatumiza kukalanda ndi kukalondera maiko a anthu ena. Anatulutsanso buku la zithunzi n'kundionetsa kuti chaka chomwecho asilikali a ku Nyasaland anawolokadi nyanja kupita ku Madagascar.

Ndiye Malini wathu uja, Amayi, anali mzungu wamwamuna wa jombo ndi mfuti.

Ndinaseka, kenako ndinalira pamaso pa anthu achilendo. Ndinakumbukira mmene agogo aakazi ankalavulira akamva dzinalo, ndi mmene mbuzi iliyonse yakuba ankaitchulira kuti Malini. Agogo aamuna nawonso ndawakwiyira pang'ono. Munandiuza kuti atabwerako sankafuna kumva za nkhondo, ndipo atapanikizidwa anangoti a Maliniwo analipo ambiri ndipo onse anali abwino mtima, n'kutuluka panja. Munthu n'kumuyankha choncho mkazi wake? Koma mtima wanga wapepuka. Tilibe abale obisika ku Mombasa, ndipo inu simuyeneranso kuweramitsa mutu anthu akatchula bambo anu.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi mukawawerengere amalume a Gregory, amene akhala akukaniza zowamangira agogo aamuna chiliza, ati chifukwa anawazunza mtima mayi awo. Muwawerengere pang'onopang'ono, poti mukuwadziwa mmene amapsera mtima nkhani isanathe. Akakayika, apongozi a Dunstan avomera kulankhula nawo pafoni, ine ndizimasulira. Manda a agogo aamuna akhala mulu wa dothi zaka zonsezi chifukwa cha liwu limodzi. Ndikubwera mu Okutobala mvula isanagwe, kuti tidzamange chiliza chawo chofanana ndi cha akazi awo.

Mundiperekere moni kwa amalumewo, azakhali, mng'ono wanga Ndaona ndi alamu anga, komanso ana onse. Bondolo musalilimitse.

Ndipo mukapita kukalambula kumanda, mukaime pamutu pa agogo aakazi, mukawauze kuti analibe mkazi mnzawo.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Perpetua