Kaseti Yolembedwa Kuti Kwaya

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Abambo munawapeza? Muwapatse moni, muwauzenso kuti mtengo wa mapeyala umene anabzala kuseri kwa nyumba uja ukuberekabe, kungoti ana a sukulu amatithandiza kukolola tisanawapemphe.

Kuno ku Domasi tadzuka ndithu. Dzinja ladutsa kawiri chichokereni inu. Chaka chino chimanga sichinachite bwino, mbozi zinalowa m'munda wa kumtunda uja, koma mpunga wa kudambo, eee, mukanauona! Nandolo nayenso wabereka mpaka nthambi kuwerama. Kalongonda wanu sindinasiye kubzala, koma kuphika kwake kwandikanika. Ndinayesa kamodzi, amuna anga, bambo a Limbani, anagona tsiku lonse mutu ukuzungulira. Paja munkati kalongonda safuna mkazi wothamanga, ndipo ine mukundidziwa. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja.

Nkhani yaikulu ndi iyi: mwezi wa Epulo ndinachira, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Eluby. Koma palibe amene amalimba mtima kumuitana dzinalo, tonse timangoti amayi. Ndikamasintha thewera ndimati, "Amayi, mwachitanso chiyani apa?" Amayi aang'ono a Magireti, mng'ono wanu, amaseka mpaka misozi. Mwanayu watenga chipumi chanu, ndiponso akakana chinthu wakana basi.

Tsopano ndiulule chimene chandilembetsa kalatayi. Amayi, mawu anu anandithawa. Zimene munkanena ndikuzikumbukira zonse, koma kamvekedwe kake ayi. Ndinkati ndikatseka maso kuti ndikumveni mukundiitana kuchokera kumtsinje, ndinkangoona pakamwa pakutseguka, mawu osamveka. Nkhope yanu ili pa chithunzi pabalaza, koma mawu sitinawasunge paliponse. Ndinachita mantha, ndipo ndinachita manyazi, sindinauze munthu. Mwana wamtundu wanji woiwala mawu a mayi wake zaka ziwiri zokha?

Zinafika poipa atabadwa mwanayu. Ndinkafuna kumugoneka ndi kanyimbo kaja munkatigonekera nako, kaja munkangong'ung'udza kukamwa kuli kotseka, kopanda mawu. Ndikayamba, kankandithera panjira. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti ndi nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, ndiye ndinatsegula buku lanu tsamba ndi tsamba, osaipeza. Nanga ikanakhala yakuti? Inu simunkafuna kumva nyimbo zina m'nyumba mwanu. Tikangotsegula wailesi munkati, "Tsekani! Nyimbo za kubala zimalowera m'khutu n'kutulukira m'chiuno." Tsiku lina munandithira chikoti chifukwa chovina pa ukwati wa kwa Malemia, ndili sitandade sikisi. Sindinaiwale, amayi, ndangokhululuka.

Titameta, pogawa katundu wanu, ine ndinapatsidwa zitenje ziwiri, buku la nyimbo lija, ndi kaseti imodzi imene inali pansi pa sutikesi, yokulungidwa mu duku. Panja pake munalembapo ndi dzanja lanu kuti KWAYA. Palibe anailimbirana, ndani ali ndi choimbira makaseti masiku ano? Ndinaiponya mu kabati. Koma mwezi wathawu ndinaganiza kuti mwina pakati pa amayi a kwayawo pali mawu anu, ngakhale kumbuyo kwenikweni. Loweruka m'mawa ndinabereka mwana, n'kukwera kabaza kupita kwa Songani, kwa Che Jafali, mkulu wokonza mawailesi uja.

Che Jafali anaitembenuza kasetiyo uku ndi uku, kenaka anati, "Madamu, muno mulibe kwaya."

Ndinati, "Nanga simukuona zalembedwazo?"

Anandionetsa timabowo tiwiri pamwamba pake, totsekedwa ndi timapepala topindapinda, tachita kufiira ndi ukalamba. Akuti kaseti yogula ndi nyimbo zake imabwera timabowoto tili totsegula, kuti munthu asafufute zimene zilimo. Wofuna kujambulapo zake amayamba watseka ndi pepala. "Mwini wakeyu anafufuta kwaya, n'kusiya dzina lokha," anatero. Ine ndinawerama kuti nditione bwino. Timapepalato munapinda ndinu, amayi, ndinadziwa kapindidwe kake, n'chimodzimodzi mmene munkapindira ndalama ya chopereka.

Atazunguliza ndi bolopeni anapukusa mutu. Anati tepi ya m'katiyo yauma, ikhoza kuyenda kamodzi kokha, mwinanso osafika kumapeto. "Konzani foni yanu, ikangoyamba mudine, muzijambula." Ndinatulutsa foni, ndinakonza, chala chili pomwepo. Anapukuta fumbi pa chiwailesi china chakale, analowetsa kaseti, n'kudina.

Poyamba panangomveka phokoso ngati mvula ya patali. Kenaka tambala analira. Kenaka banjo!

Amayi, banjo imeneyo! Che Jafali akuti inali ya chitini cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Koma inkalira ngati ikuyankhula. Pansi pake panali babatoni, chigitala chachikulu cha nsambo imodzi chija, chikugunda mpaka ndinachimva m'mimba. Anyamata atatu akuimba, wina pamwamba, wina pakati, wina pansi, popanda makina owakonzera mawu ngati a masiku ano. Pena woimba banjo anaphonya, mnzake anaseka, nyimbo n'kumapitirira, osabwereza. Itatha, muulutsi anawerenga moni wa anthu otumiza makadi, wa ku Mulanje kupatsa moni mlongo wake wa ku Rumphi. Kenaka kunabwera ya chitoliro, kenaka ya magitala a ku Zaire, aja amathamanga ngati akupikisana. Atelala a pakhonde loyandikana anasiya makina, anabwera kudzaima pakhomo tepi yoyezera ili m'khosi. "Izi zinavuta izi! Ndisanakwatire!" Mayi wina wogulitsa tomato anatula dengu. Palibe anaitana munthu, koma posakhalitsa pakhomo panadzaza imvi zokhazokha.

Munalibe wailesi yojambula yokha, eti? Che Jafali anandifotokozera kuti munkaika choimbira makaseti, chija abambo anatumiza ali ku migodi ku Joni, kuyang'anizana ndi kawailesi, pakamwa ndi pakamwa. Ndiye chilichonse cha m'nyumbamo chinkalowa. Tinamva mbuzi. Tinamva munthu akusinja patali. Kenaka khanda linalira, kulira kwa mwana wa masiku ochepa, ndipo munthu wina pafupi penipeni ananong'ona kuti:

"Magireti, taima pakhomopo, amayi akangotulukira undiuze."

Ndinu. Mayo ine, ndinu! Koma osati inu amene ndinkakudziwani. Mawu a mtsikana, opepuka, odzaza ndi kuseka kobisa. Ndinangokhala pa chiwailesi cha eni ake. Khanda lija linaliranso, inu n'kuti, "Efelo, iwe, milungu itatu yokha wayamba kale kulongolola? Tabwera tivine." Efelo ndi ine. Ndinadzimva ndekha ndikulira chaka chimene ndinabadwa, m'manja mwanu, dziko lonse likuimba chonchija.

Nyimbo imene inayamba pamenepo inali ya gitala wouma, yothamanga, ya mkazi wouza mwamuna wake wa kutali kuti abwere mango asanathe. Inu munailandira. Munaimba mokweza, kuiwala kuti mukubisala, mawu anu kuposa a pa wailesi. Mapazi anu ankamveka pansi, di, di, di, zibangili zikulira. A Magireti akuti "Achemwali, pang'onopang'ono!" inu osamva. Ndipo itafika pobwereza, ndinaidziwa. Ndi kanyimbo kaja! Kaja kotigonekera kaja! Munangokachepetsa liwiro, n'kukachotsa mawu, n'kukatsekera kukamwa. Miyezi yonseyi ndakhala ndikufunafuna m'buku la kutchalitchi nyimbo yomwe anthu ankavina ku mabala a kwa Songani. Koma inu amayi, ndinu akatswiri!

Ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi. Mwana kumbuyoku anali maso, ali chete, ngati akudziwa kuti akuimbawo ndi eni dzina. Munafika pakati pa ndime yachitatu, mawu anayamba kukoka ngati munthu woledzera, kenaka thapu! Zii.

Che Jafali anatsegula msanga, tepi itapiringizika m'kati. Anati, "Palibe kanthu madamu, si mwajambula?"

Ndinayang'ana m'dzanja langa. Foni inali itazima yokha kalekale. Chala chinali pomwe paja, sindinadine. Chiyambire banjo ija ndinaiwala kuti ndili ndi manja.

Mkulu uja anayesetsa, Mulungu amudalitse. Anadula pophwanyikapo, analumikiza ndi kyutekisi wa zikhadabo, monga ankachitira kale. Koma akagwira apa, pena pankaduka. Gawo lonse limene munkaimbalo linali litafutukuka, likungonyenyeka m'zala. Atelala aja anavula chipewa ngati pamaliro. Ine ndinalira, amayi, kulira kwenikweni pakati pa msika, mphunzitsi wathunthu, ana a kalasi langa akudutsa. Ndinadzitukwana njira yonse. Ndinakana kabaza, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, mawu anu aja akuti madzi akatayika saoleka akundizungulira m'mutu. Ndinaona ngati ndakuikani m'manda kachiwiri, ulendo uno ndi manja angawa.

Nditawauza a Magireti, anagwira pakamwa. "Inasungidwa? Achemwali anandiuza kuti anaitaya m'chimbudzi!" Akuti kunalibe mtsikana wovina ngati inu kuyambira ku Mishoni mpaka kutsidya kwa mtsinje. Akuti agogo anali okhwima pa za tchalitchi, n'chifukwa chake munalembapo KWAYA, kuti akaipeza asaitsegule. Akuti kasetiyo munkafuna kutumiza kwa abambo kuti amve kulira kwa mwana wawo, koma mutaimvetsera munachita manyazi ndi kuvina kwanuko. Ndipo akuti abambo atabwerako akutsokomola, inu munavala zoyera za amayi a kutchalitchi, simunavinenso. Sindikufunsani chifukwa chake. Nanenso ndine mayi tsopano, ndikudziwa kuti munthu amaopera mwana wake chimene iye mwini anachikonda kwambiri. Koma chikoti chija, amayi, chikoti chija!

Mlungu wonse sindinadye bwino. Lachitatu lapitali masana ndinali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndikusenda nandolo. Mwana anavuta, akukana bere, akukana kumbuyo. Sindinaganize n'komwe. Ndinangomunyamula n'kuyamba nyimbo ija, osati mong'ung'udza, koma mmene munaimbira pa kaseti paja, yothamanga, ndi mawu ake onse. Ndime zonse zinabwera zokha mpaka pomwe tepi inadukira. Mapazi nawonso anayamba okha.

Ndinamva lichero likugwa kutsogolo kwa nyumba. A Magireti anatulukira pakona akuthamanga, mpunga utamwazika bwalo lonse, nkhuku zikuchita phwando. Anaima, akupuma mwa befu, akundiyang'ana ngati aona mzukwa.

"Efelo, ndiwe?" anatero. "Ambuye! Ndimayesa achemwali."

Anakhala pansi pa dothi pomwepo n'kuyamba kulira. Kenaka anapukuta maso ndi chitenje, nati, "Bwereza. Pomwe walekezerapo ndimalizitsa ine." Ndime yachitatu ija anaimaliza ndi iwo, ndipo tinavina awiriwiri, dzuwa likuswa mtengo, mdzukulu wanu akuseka koyamba ndi mawu.

Choncho amayi, mawu anu aja ndinkawafuna m'makutu, pamene munandisiyira pakhosi. Sindikudziwa kuti Mulungu amazichita bwanji zimenezi, ndangoti kukamwa yasa mpaka lero. Kasetiyo ndaikulunganso mu duku lanu, timapepala tija tili momwemo.

Tikakolola chaka chamawa tidzamanga chiliza chanu. Tsiku limenelo ndidzaimba nyimbo za m'buku pamodzi ndi anzanu a kutchalitchi, mwaulemu, mutu uli chowerama, monga munandiphunzitsira. Koma ndikulonjeza kuti anthu akadzabalalika, ine ndi a Magireti ndi Eluby wamng'ono tidzatsalira. Tidzakuimbirani ya mango ija kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Agogo akakhala pafupi, muwauze abambo aime pakhomo.

Ndimakukondani, amayi, tsopano kawiri: inu amene munandilera, ndi mtsikana uja wa zibangili.

Ndine mwana wanu wolongolola,
Efelo