Tambala wa Lonjezo

Machinjiri, Blantyre
16 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali Mirriam,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalatayi ndapatsira a Kingsley oyendetsa basi, chifukwa pafoni ndimangoti "tili bwino", kenako mawu amandithera.

Kuno kwatentha, madzi akutuluka mwa apo ndi apo. Ku Chirimba ndikupalabe matabwa, koma mtima suli m'malo. Dzulo ndinakhoma chitseko cha kabati chozondoka, anzanga anangoyang'anana.

Loweruka likubwerali akandisudzula kwawo kwa malemu mkazi wanga Anastasia ku Phalombe. Mwambo mukuudziwa: mwamuna akamasulidwa, ana amatsala kuchikazi. Koma Lonjezo palibe akumufuna kumeneko, ati si magazi awo. Alamu a Howard, achimwene a malemu, anabwera Lamulungu kudzandiuza zomwe agwirizana, kuti mwanayu abwerere kunyumba yolerera ana komwe tinakamutenga ali khanda, ine ndiyambe moyo wina. Sangandikakamize, koma kunena zoona mumtima ndinali nditayamba kuvomera. Uthenga wanu wonena zomwezi ndinauona. Ndikhululukireni kuti sindinayankhe.

Tsiku limenelo pampando panali buku la zithunzi lija munatitumizira, la nkhuku yomwe inapeza dzira la nkhanga n'kuliswa pamodzi ndi ake. A Howard analitsegula n'kuyamba kuseka. Anati wojambulayo sanawetepo nkhanga, poti iwo kumudzi aikirapo nkhuku mazira otere kambirimbiri, ndipo zikakula zimathawira kutchire. Potuluka anandigwira paphewa.

"Alamu, thadzi lapita. Tambala munamuonapo atakhalira mazira?"

Sindinadziwe kuti Lonjezo anali kuseri kwa chitseko akuvala nsapato.

Bukuli ndi lachingerezi. Anastasia ankamuwerengera akulitembenuza m'Chichewa pakamwa, ine ndili panja ndi ntchito zanga. Chimwalirireni sindinalikhudze. Dzana nditaweruka, mwana anangobwera n'kundiika bukulo pamwendo. Ndinayamba bwino ndithu, ndi Chingerezi changa cha Fomu 2, mpaka tinafika patsamba lomwe anapiye akufunsa mayi awo chifukwa chake m'bale wawo ali ndi mawanga. Pamenepo pali liwu lomwe sindinalipezere Chichewa chake msanga, ndiye pakamwa panatuluka lomwe ndakhala ndikulimva kwa anthu chichitikireni maliro. Ndinati, "Ameneyu ndi wotola."

Achemwali, anandiyang'ana ngati ndamuponda phazi.

"Zotola ndi mango, adadi. Amami samatero. Amati wofungatiridwa."

Liwu lalitali chotero kwa mwana wa zaka zisanu, koma analitchula pang'onopang'ono osaphonya. Kenako anandifunsa ngati n'zoona kuti tambala satha kufungatira. Ndikanangomunamiza. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, sindinamuonepo. Anatseka buku n'kulowa nalo kuchipinda.

Ndinalephera kukhala pansi. Ndinazungulira nyumba, ndinapita kumsewu, ndinagula tomato pomwe wina ali m'nyumba. Pobwerera ndinampeza atagona chafufumimba pasimenti ndi chekeni chofiira. Tsamba lililonse, nkhuku ija anali ataijambulira kofiira ka pamutu pa tambala, ndi mchira wautali wokhota. Pena chekenicho chinaboola pepala. Anandikankhira bukulo osadzutsa mutu.

"Werenganinso. Pano akutha."

Ndinawerenga, ndipo patsamba lija ndinanena liwu la mayi ake.

Musaganize kuti zonse zapepuka. Kuluka tsitsi sinditha, ndimanyamuka m'mamawa, ndipo ndikaganiza za zaka zomwe adzafune munthu wamkazi womulangiza, njala imandithera. Mayi Olivia oyandikana nafe avomera kumakamutenga ku sukulu ya mkaka, zinazo sindinazipezere nzeru. Mwina a Howard akunena zoona za nkhanga. Akadzakula n'kufuna kudziwa kwawo, ndidzamuperekeza ndekha. Koma kukamusiya pageti la nyumba yolerera ana ija ndi kachikwama, n'kutembenuka kukakwera minibasi, zimenezo sindichita.

Pempho langa ndi ili. Amalume a Donald ndiwo akandiyankhulire Loweruka, ndipo inu amakumverani kuposa ine. Chonde aimbireni lisanafike tsikulo, muwauze kuti mawu a kwathu akhale amodzi: ukwati andimasule, koma mwana ndibwerera naye ku Machinjiri. Ndikuopa kuti pagulu paja ndikangowerama monga ndichitira nthawi zonse, nkhani n'kutha ndisanatsegule pakamwa.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Lonjezo akuti moni kwa anti ake, komanso akuti pepani walemba m'buku lanu. Ndamuuza kuti anti ake sangamukwiyire, chifukwa ndi mwana wawo. Musandisandutse wabodza.

Ndine mlongo wanu,
Simeon, bambo ake a Lonjezo