Kapu Imene Munawiritsa

9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira munafika bwino, ndipo mwendo wa alamu ukupola. Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerenga kawiri. Mukuti ndimusiye Telala, ndibwerere kwathu asanandiphe. Ndiloleni ndikukumbutseni zimene munachita m'nyumba mwathu, poti m'kalatamo mwazilumpha.

Masiku atatu oyamba munadya zophika zake mukunyambita zala. Anakuyezani, nakusokerani diresi lobiriwira lija. Munkamutcha mlamu uku mukuseka, ine mtima uli m'malo, chifukwa pa abale onse ndinu nokha amene mumadziwa kuti ine ndi mwamuna ameneyu sitingokhalira limodzi nyumba. Tsiku lachinayi, mukufuna mankhwala a mutu m'kabati ya kubafa, munapeza botolo la ma ARV. Simunafunse kuti ndi la ndani. Munangolowa m'khichini, n'kunyamula kapu yake ndi nsonga za zala ngati khoswe wakufa, n'kuiponya m'poto wa madzi owira, mwini wake ali pomwepo akusenda anyezi.

"Iwe, ukufuna kutiphera mwana?" munatero.

Iye anangoti, "Pepani, achemwali," napitiriza kusenda.

Achemwali, botolo lija ndi langa. Mankhwalawa ndamwa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, ndinayamba ine ndi iye tisanadziwane, ndipo ndinamuuza tisanagwirane ndi dzanja lomwe. Telala alibe kachilombo. Amakayezetsa kawirikawiri, ndipo mpaka lero alibe. Ine ndimamwa m'mawa uliwonse, moti akandiyeza magazi kachilomboko sikaoneka n'komwe. Anamwino anatikhazika pansi tonse awiri, natiuza kuti munthu akafika pamenepo sapatsira mnzake amene amagona naye, bola asasiye kumwa. Ndiye kapu inalakwa chiyani? Munthu amene mukuti andipha ndi yemwe amandithamangira mpaka pageti, tepi yoyezera ili m'khosi, ndikatuluka mothamanga osamwa.

Zimene munachita zimandinyansa, sindikubisirani. Diresi lija ndinalipeza m'bini, pansi pa makoko a mazira. Munthu wamkulu ngati inu, amene mumayendera odwala Lamlungu lililonse mutanyamula nyimbo pakamwa. Koma amene amandinyansa koposa ndine ndemwe. Ndinaima pakhomo la khichini manja lende, ndikumva mukumunyoza chifukwa cha matenda anga, osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Ndinaopa kuti nanenso muyamba kundiyang'ana ndi maso amenewo. Ndinakuperekezani kukakwera basi, chikwama chanu chili paphewa panga, mukundilangiza njira yonse, ine ndikungoti inde.

Nditabwerera ndinamufunsa chifukwa chake sanadziteteze. Anati, "Si nkhani yanga yoti ndinene. Ndimadikira iwe." Sanakweze mawu, bola akanandilalatira. Kuyambira tsiku limenelo akugona kushopu, pabenchi, pakati pa nsalu za makasitomala. Amabwera m'mawa, n'kuima pakhomo mpaka ndimeze piritsi, n'kubwerera osamwa ngakhale tiyi. Wanena kuti adzabwerera m'nyumba ndikakuuzani zoona ndekha, ndi dzanja langa. Ndi izi ndakuuzani.

Kwathu sindibwera ndekha, zimenezo muiwale. Ngati mukufuna kuuza amayi, auzeni zonse, osati theka lokukomerani. Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Mumulembere iye, osati ine, ngakhale mizere iwiri. Ngati dzanja likulemera, musavutike kundiyankha.

Moni kwa alamu, muwauze asafulumire kuponda pansi. Moni kwa ana onse, makamaka kamtsikana kathu ka mayeso. Dzulo ndinapita kushopu kukafunsa Telala ngati ndilembe moni wake monga timachitira nthawi zonse. Anaimitsa makina, nati pamenepo ndisiye mpata.

Ine mlongo wanu,
amene munamubereka kumsana